Kabzalidwe ndi Kadulidwe ka Chitsamba cha Cornus sericea

Cornus sericea, chomwe ku North America chimadziwika kuti red osier dogwood, ndi chitsamba chomera chokha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje kuchokera ku Alaska mpaka ku Newfoundland. Chimatalika mamita 1.5 mpaka 4, masamba ake amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni chimachita maluwa oyera omwe amabereka tizipatso toyera todyedwa ndi mbalame. Komabe ambiri amachibzala chifukwa cha nthambi zake, zomwe zimafiira kwambiri m'nyengo yachisanu masamba akayoyoka.

Sankhani malo achinyontho, ngakhale a dothi lamakande limene madzi amadikha kwa kanthawi, pakuti chitsambachi chimavutika pouma. Chimapirira mthunzi pang'ono, koma nthambi zimafiira bwino padzuwa. Musachibzale pothinana, chifukwa nthambi zam'munsi zikakhudza dothi zimamera mizu, ndipo chimafalikira m'mbali mpaka mamita 3 kapena kuposerapo. Khalidwe limeneli ndi lothandiza pagombe lomwe likukokoloka, koma m'dimba laling'ono ndi losautsa, ndipo kumeneko ndi bwino kubzala mtundu waufupi wotchedwa Kelseyi.

Mbande sizivuta kupeza. Masamba akayoyoka, dulani nthambi zachaka chimodzi zonenepa ngati pensulo, zotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo muzizike m'dothi lonyowa mosatembenuza, mbali yaikulu ikhale pansi. Muzithirira chaka chonse choyamba.

Ntchito yeniyeni ili pakudulira, ndipo ambiri amalephera pamenepa chifukwa amachita chisoni ndi chitsamba chooneka chathanzi. Kufiira kuli m'khungwa la nthambi zanthete. Nthambi ikapitirira zaka zitatu imayamba kutuwa, ndipo feteleza sangaibwezeretse. Chitsamba chikakhazikika, patatha zaka ziwiri kapena zitatu, muzichotsa nthambi imodzi mwa zitatu zilizonse, kuyambira zakale kwambiri, podulira pafupi ndi nthaka. Chitani zimenezi chisanu chikamatha, cha m'Marichi ku North America, masamba asanaphuke. Ena amadula chitsamba chonse kusiya zitsa za masentimita 20 zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Njirayi imabweretsa mphukira zofiira kwambiri, koma chaka chimenecho maluwa ndi zipatso zimasowa chifukwa zimabwera pa nthambi za chaka chapitacho, choncho amene akufuna mbalame pakhomo atsate njira yoyamba ija.