Momwe mungasamalire zipangizo pa fakitale yopanga chiponde

Fakitale ya chiponde imaima kawirikawiri chifukwa mtedza wabwino kapena mabotolo zatha, ngakhale makina ali bwinobwino. Choncho pangani mgwirizano ndi magulu a alimi a ku Mchinji kapena ku Kasungu mvula isanagwe, ndipo mumvane za mtundu wa mtedza, monga CG7, komanso za mtengo, kuti mavenda asadzakulandeni katunduyo pa nthawi yokolola.

Chofunika kuchiopa kwambiri ndi chuku, pakuti chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe satha ngakhale mtedzawo mutaukazinga. Pali ogulitsa ena amene amawaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga kapena ulemere pa sikelo, ndipo woterowo ubwezedwe pageti pomwepo popanda kuchita manyazi. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, mutafune njere zingapo, chifukwa youma bwino imathetheka pamene yachinyezi imafewa. Njere zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu zichotsedwe, ndipo zina muzitumize kukayezedwa ku Malawi Bureau of Standards. Matumba asanjidwe pa matabwa motalikirana ndi khoma, ndipo amene anafika poyamba ndiwo ayambe kugayidwa.

Ngati mabotolo ndi zivindikiro mumaitanitsa kunja kudzera ku Beira kapena ku Nacala, itanitsani miyezi ingapo zisanathe, poti ndalama zakunja zimavuta kupeza, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wotere anakwera mtengo. Ntchito yokazinga ndi kugaya muziikonza motsatira ndondomeko ya ESCOM ya kuzima kwa magetsi.