Denga la malata likamadontha, likonzeni nokha mvula isanafike

Okutobala ndi mwezi woti munthu wa ku Kasungu ayang'ane kudenga. Fodya tagulitsa kale, kandalama kakadalipo pang'ono, ndipo chizimalupsa chikangogwa mumadziwa kuti mvula yeniyeni ili pakhomo. Ambirife timadikira mpaka Disembala, madzi atayamba kugwera pa matumba a feteleza, ndiye n'kumathamanga ndi mabeseni pakati pa usiku. Chonsecho denga lodontha nthawi zambiri limangofuna hamala, misomali yodzaza dzanja ndi m'mawa umodzi. Ine si kalipentala ayi, ndine mlimi wa kuno ku Chamama. Zimene ndikudziwazi ndinazitola kwa amalume anga, amene ankamanga zigafa ndi kukhoma malata m'mudzi mwathu, ine ndili wowapatsira misomali.

Ntchito yaikulu ndi kupeza bowo, chifukwa pamene madzi akugwera pansi si pamene alowera. Amalowa kumtunda, n'kutsata thabwa kapena kunsi kwa lata, n'kukadonthera patali ndithu. Mukamata pamwamba pa malo onyowawo mungotaya phula pachabe. Chitani chonchi: dzuwa lili paliwombo, tsekani zitseko ndi mawindo, imani m'nyumba mpaka maso azolowere mdima, kenako yang'anani kumwamba. Timabowo timaoneka ngati nyenyezi. Pa kabowo kalikonse lowetsani kaudzu kapena kawaya kuti katulukire kunja, mukakwera mukaone msanga. Ngati nyumba ili ndi siling'i, lowani ndi tochi, mufufuze matabwa amene ali ndi zipsera zakuda za madzi, muzitsate chokwera mpaka pamene zayambira.

Pali kudontha kwina kumene kuwala sikuonetsa, makamaka kwa m'malo amene malata awiri asanjikizana. Apo pamafunika anthu awiri. Wina akwere ndi ndowa kapena khenti yothirira nazale, wina atsale m'nyumba. Wothirayo ayambire kumunsi kwa denga, azikwera pang'onopang'ono, ndipo wam'katiyo afuule dontho likangooneka. Mukayambira kumtunda madzi anyowetsa denga lonse, simudziwanso kuti alowera pati.

Komanso musasokonezeke ndi madontho a m'mawa a mu Juni ndi Julaye. Amenewo ndi thukuta la malata chabe: mpweya wofunda wa m'nyumba ukakhudza lata lozizira umasanduka madzi. Palibe chomata pamenepo. Mankhwala ake ndi siling'i kapena mipata yoti mpweya uzituluka.

Tsopano za kukwera. Kwerani m'mawa mame atauma koma dzuwa lisanakwiye, chifukwa malata a mu Okutobala ikamakwana 10 koloko sagwirika. Mapatapata asiyeni pansi, valani nsapato za mphira zomanga. Makwerero wina awagwire, ndipo asakhale mwana wa sitandade 2 amene angathawe akaona anzake akusewera mpira. Pamwambapo pondani pamzere wa misomali pokhapokha, chifukwa pansi pake ndi pamene pali thabwa. Mukaponda pakati, lata limabonyoka, ndipo pobonyokapo m'pamene madzi amaima n'kuyambitsa dzimbiri. Malata a geji 32 ndiye osayerekeza, ngopyapyala kwambiri. Pa malata, nambala ikakula ndiye kuti lata lachepa mphamvu: geji 28 ndi yochindikala kuposa 30, ndipo 30 imaposa 32. Pa opyapyalawo yalani thabwa lalitali mopingasa muzigwadapo. Ngati pali waya wa magetsi wolowa m'nyumba kudzera pafupi ndi denga, mutalikireni, ndipo ngati wakhudza lata kapena wasupuka, tsikani, muitane odziwa za magetsi.

Mabowo ambiri mudzawapeza pamisomali. Masana lata limafutukuka ndi kutentha, usiku limabwerera, mphepo nayo imaligwedeza, ndiye pakapita zaka msomali umasukusa n'kutukuka, bowo lake n'kukula. Kuukhomereranso womwewo n'kungodzinamiza, pakatha sabata ziwiri watukukanso. Uzuleni. Pozula, ikani kathabwa pansi pa hamala kuti musaphwanye msana wa lata. Ndiye khomani msomali wina wa malata, wachipewa uja, wokulirapo pang'ono, mopendeketsa pang'ono kuti ugwire thabwa pamalo atsopano. Pansi pa chipewa pakhale kamphira. Misomali ina imabwera ndi timphira take, koma ikapanda, chubu chakutha cha njinga chilipo: dulani tizidutswa tokula ngati ndalama yachitsulo, mubowole pakati ndi msomali womwewo. Aliyense wa kabaza pamsika angakupatseni chubu chotere osawerengera. Khomani mpaka mphira igwire bwino, basi. Mukapitiriza kumenya, msana wa lata umafwafwanyika n'kusanduka kadziwe kozungulira msomali.

Ndipo msomali umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande mwake mmene madzi amayenda. Izi zimaoneka ngati aliyense akuzidziwa, koma ndaonapo nyumba zingapo pa Mtunthama pomwe, zokongola ndithu, misomali ili ndandanda m'ngalande. Wokhomayo ankaona kuti mmenemo ndi mosavuta chifukwa lata lagona pathabwa. Denga lotero lidzadontha ngakhale malata atakhala atsopano.

Mabowo ena ndi a misomali yophonya thabwa, kapena a malata ogula akale amene anakhomedwapo kwina. Ang'onoang'ono otere amatsekeka ndi silikoni kapena phula la malata logulitsidwa m'mahadiweya. Chinsinsi chake ndi kuyeretsa. Palani dzimbiri ndi sandipepa kapena burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pukutani fumbi ndi kansanza kouma, kenako matani. Mukamata pa dzimbiri kapena ponyowa, chomatacho chimasupuka chonse mvula yoyamba. Bowo likakhala loti chala n'kulowa, phula lokha silikwanira. Pakani phula, yalani kansalu kolimba, ka jinzi yakutha kamachita bwino, kopitirira bowolo ndi zala ziwiri mbali zonse, mupakenso phula pamwamba mpaka nsalu isaoneke. Likakula kuposa apo, dulani chidutswa cha lata chofanana mizere, muchilowetse pansi pa lata la kumtunda kuti madzi azitsetserekera pamwamba pake, mukhome pathabwa. Chigamba chongosanjika pamwamba, mutu wake uli poyera, chimakhala ngati mwawatsegulira madzi khomo. Sopo, chingamu ndi pulasitiki wosungunula, zimene ena amakhulupirira, ine sindiziwerengera. Dzuwa la kuno silichedwa kuzisweratu.

Ngati madzi akulowera posanjikizana, onani kuti malata anapitirirana motani. M'mbali ayenera kupitirirana mzere umodzi ndi theka, ndipo kumutu masentimita osachepera 15, kuposa apo ngati denga ndi logona kwambiri. Amisiri ena amachepetsa dala kuti malata akwane, mwini nyumba n'kumasangalala kuti wapulumutsa lata limodzi. Mvula ya mphepo ikabwera, madzi amakwera chobwerera n'kulowa. Kukonza kwenikweni ndi kuzula n'kusendeza, mugule lata limodzi lowonjezera. Poyembekezera zimenezo, tukulani m'mphepete pang'ono, muike mzere wa silikoni mkati, mukhomenso. Onaninso riji ya pamsonga pa denga, chifukwa ndi imene mphepo imayamba kuitukula.

Nyumba zambiri za m'matauni mwathu, monga mashopu a pa Kasungu boma ndi pa Santhe, zili ndi khoma lopitirira denga, malata n'kulowa m'khomamo. Pokumana lata ndi simenti pamang'ambika nthawi zonse, popeza chitsulo chimayenda pamene khoma laima. Gumulani simenti yonse yogwedera, sesani, nyowetsani khoma, ndiye matani ndi dothi la simenti la muyezo umodzi wa simenti pa miyezo inayi ya mchenga wosefa, motsetsereka kuti madzi asaime. Muzilithirira madzi masiku angapo lisaume mwadzidzidzi. Likauma, pakani phula pamzere wokumanirapo.

Muli pamwambapo, sesani masamba. Mango amene timakonda kubzala pafupi ndi nyumba amathothola masamba m'ngalande za malata, masambawo amasunga chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Nthambi yokhudza denga idulidwe.

Msomali watsopano ukangolowa fwa osalimba, vuto si lata koma thabwa. Tsikani mukaligogode ndi hamala kuchokera m'kati. Likamveka mphako kapena likathothoka dothi, chiswe chadya kale. Thabwa limodzi lopingasa mukhoza kulisintha nokha: zulani misomali ya mzere umenewo, solorani lowolalo, lowetsani lina louma bwino, la bulugamu kapena paini, mutalipaka mankhwala a chiswe kapena oyilo wakutha wa galimoto monga timachitira kumudzi. Tsatani njira ya dothi imene chiswe chakwerera pakhoma, muigumule mpaka pansi. Koma ngati mapaso akuluakulu adyeka, kapena denga lafika poti lagwa msana, apo ndalama ya kalipentala musaiumire. Denga lotero silikwereka n'komwe.

Chotsala ndi mphepo. Mvula yoyamba kuno imabwera ndi mkuntho, ndipo madenga amene amasasuka nthawi zambiri amanyamuka ndi matabwa awo omwe, chifukwa matabwawo anangosanjikidwa pakhoma. Miyala, njerwa ndi matayala amene anthu amaunjika padenga amabonyola malata, amasunga madzi, ndipo mphepo ikakula amagwera anthu. Mangani mapaso kukhoma ndi waya wochindikala. Bowolani khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa kutsika kuchokera pamwamba, pisani waya wopinda kawiri, mumuzungulize paphaso, mumupotokole ndi msomali waukulu mpaka alimbe, kenako tsekani bowolo ndi simenti. Yambani ndi m'makona ndi kukhonde, kumene mphepo imalowera pansi pa malata, ndipo mzere wa malata wa m'mphepete muukhome pamsana uliwonse osadumpha.