Kwa amene mukuphunzira kujambula anthu

Anzanga, siyani kaye kuyambira pa maso. Ine ndinkatha maola awiri pa diso limodzi, nsidze zonse bwinobwino, pofika ku miyendo pepala latha kale ndipo zinkandifooketsa kwambiri. Yambani ndi thupi lonse, munthu wamkulu kutalika kwake, mukayeza ndi mutu wake womwe, kumakwana mitu 7 ndi theka kapena 8, chigongono chimalingana ndi mchombo, manja akalendewera zala zimathera pakati pa ntchafu.

Tengani kope wamba ndi pensulo mukakhale pa depoti kapena pamsika, mayi wasenza dengu uja mumujambule mu masekondi 30 basi asanadutse, mzere wa msana kaye ndi momwe chiuno chapendekera chifukwa cha katunduyo, nkhope isiyeni. Anthu khumi patsiku, osafufuta.

Mapulogalamu ojambulira aliponso: pa foni pali ibis Paint X, pa kompyuta Krita ndi yaulere. Mu Krita mukadina batani la M chithunzi chimatembenuka ngati pa galasi, nsagwada yokhota ija imaonekeratu pompo, ine ndimadina pafupipafupi ndisanayambe kupaka mitundu.

Mukamaonetsa anzanu musafunse kuti "chili bwanji", aliyense amangoti chili bho. Funsani kuti dzanja lamanzereli lalakwika pati, akulozereni, mukalijambulenso tsiku lomwelo.