Momwe mungalumikizire nyumba ziwiri pa netiweki imodzi popanda kukumbira chingwe

Chingwe cha Ethernet chimagwira bwino mpaka mamita 100 basi. Ngati nyumba inayo ili patali kuposa apo, kapena pakati padutsa msewu, ikani zida ziwiri za Wi-Fi zoyang'anizana kuti zigwire ntchito ya chingwe. Akatswiri amati wireless bridge. Ubiquiti, MikroTik ndi TP-Link amapanga zida za panja zochitira zimenezi.

Musanagule kanthu, kaimeni pomwe padzakhale chida choyamba n'kuyang'ana kwinako. Kuonana kokha sikokwanira ayi. Mafunde a wailesi sayenda mowongoka ngati muvi, amafufuma pakati, ndipo danga lomwe amadutsamo limatchedwa Fresnel zone. Pa mtunda wa kilomita imodzi pa 5 GHz, pakatikati pa njira pamafunika mpata woposa mamita 2 kuchokera pa mzere wowongoka kufika pa denga kapena nthambi iliyonse. Kumbukiraninso kuti mtengo umakula, ndipo masamba onyowa amafooketsa siginolo. Sankhani 5 GHz. Ku 2.4 GHz matchanelo osalowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo marauta a anthu ena adzaza kale kumeneko.

Zida zikafika, musathamangire makwerero. Zikonzereni pansi, zonse ziwiri zili patebulo, chifukwa kufunafuna pomwe mwalakwitsa muli pamwamba pa denga ndi ntchito yowawa. Lumikizani chimodzichimodzi ku laputopu, popeza zida zofanana zimabwera ndi IP adiresi (nambala yomwe chida chimadziwika nayo pa netiweki) yofanana: NanoStation ya Ubiquiti imayambira pa 192.168.1.20, zida zambiri za MikroTik pa 192.168.88.1. Mukangolowa mu chidacho kudzera pa adiresiyo, sinthani dzina ndi pasiwedi yolowera, chifukwa zakufakitale aliyense amazipeza pa intaneti. Kenako ikani firmware (pulogalamu yoyendetsa chidacho) yatsopano ndipo musankhe dziko lomwe muli, popeza malamulo a matchanelo ndi mphamvu amasiyana.

Chida cha mbali yomwe kuli intaneti chikhale Access Point (chomwe chinzake chimalumikizako), chinacho chikhale Station (cholumikiza ku chinzakecho). Zonse ziwiri muziike pa Bridge, ndipo ngati pali batani lolembedwa WDS liyatseni, kuti makompyuta a tsidya linalo azionekera ndi ma adiresi awoawo. SSID, lomwe ndi dzina la Wi-Fi, ikhale imodzi. Chida chilichonse chipatseni IP adiresi yake yosasintha, yomwe rauta siigawira ena. Wogawa ma adiresi akhale rauta yekha, choncho DHCP, yomwe imagwira ntchito yogawayo, pa zida ziwirizi ikhale yozimitsa.

Pa chitetezo ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Mafunde sathera pa nyumba yanu, aliyense amene ali m'njira yake akhoza kuwamva. Ngati zida zonse zili ndi WPA3, njira yotetezera Wi-Fi yomwe inabwera mu 2018, gwiritsani ntchito imeneyo. Apo ayi WPA2 ya AES. Pa njira zakale, WEP inathyoledwa kalekale, ndipo TKIP nayo isiyeni. Zimitsani WPS, njira yolumikizira pa Wi-Fi osalemba pasiwedi, chifukwa mu 2011 zinadziwika kuti PIN yake munthu amaipeza pongoyesayesa. Pasiwedi ya WPA imalola zilembo 8 mpaka 63, ndiye popeza simudzailemba tsiku ndi tsiku, ikani yosokonekera yoposa zilembo 20. Kubisa SSID kumangobisira odutsa, osati wakuba wodziwa ntchito yake. Chothandiza n'kumangirira Station ku MAC adiresi (nambala yakeyake ya chida yochokera kufakitale) ya Access Point yanu, kuti isamalumikize kwina. Tsekaninso Telnet, njira yolowera mu chida yosabisa pasiwedi, muzilowa ndi njira zotetezeka za HTTPS kapena SSH.

Chinthu chimodzi chimaiwalika kawirikawiri: chingwe cha tsidya linalo ndi khomo lolowera mu netiweki yanu yonse. Woti achizula n'kulowetsa mu laputopu yake safunikanso pasiwedi ya Wi-Fi. Kabokosi ka PoE (kopereka magetsi ku chida kudzera pa chingwe cha Ethernet) ndi switch (bokosi lolumikizira zingwe za netiweki) zikhale m'chipinda chokiyidwa, ndipo ngati kumeneko kumakhala anthu ena, apatseni VLAN yawo, kutanthauza gawo la netiweki lapadera.

Ping (kuyesa ngati chida chinacho chikufikirika) ikayankha patebulo, sungani bakapu ya zomwe mwakonza, kenako kwerani. Mukhale anthu awiri: mmodzi azitembenuza chida pang'onopang'ono, wina aziwerenga siginolo. Mphamvu ya siginolo imayezedwa mu dBm, ndipo pakati pa -50 ndi -65 ndiye pabwino. Ikamafika -30 ndiye kuti zida zikukuwirana pafupi, chepetsani mphamvu. Gwiritsani ntchito chingwe cha panja chokutidwa ndi chitsulo, muikepo chotetezera ku mphezi, ndipo muchipinde pang'ono kunsi chisanalowe m'khoma kuti madzi a mvula azidontha pansi osati kutsata chingwe mpaka m'nyumba.