Mmene Mungathandizire Wophunzira Wakunja Kusangalala Kumapeto kwa Sabata ku Kasungu

Ngati kuntchito kwanu kwabwera wophunzira wochokera kunja kudzazolowera ntchito, musamusiye azingokhala m'nyumba Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa kusungulumwa kumafooketsa mlendo kuposa ntchito yeniyeniyo.

Yambani ndi kumuphunzitsa kupereka moni ndi kulemekeza akuluakulu, kenako mupite naye kumsika wa paboma kuti adziwe mitengo ya zinthu komanso kukwera kabaza. Loweruka m'mawa, dzuwa lisanawawe, mukhoza kukwera naye phiri la Kasungu mutatenga madzi okwanira.

Ulendo wofunika kuukonzekera bwino ndi wa kunkhalango yotetezedwa ya Kasungu, yomwe ili kumadzulo, m'malire ndi Zambia. Pitani m'chilimwe misewu ikauma, musonkherane ndalama za galimoto, ndipo mukafike kudamu la Lifupa kumene kuli mvuu. Njovu zinachuluka kuchokera mu 2022 pamene zoposa 250 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde, choncho musatsike m'galimoto popanda mlonda wa nkhalango.

Lamlungu muitanireni kutchalitchi ngati akufuna, kapena kunyumba kudzadya nsima. Akakumana ndi Gule Wamkulu m'mudzi, muuzeni apatuke panjira ndipo asajambule asanapemphe chilolezo.