Momwe mungalowere m'gulu la ongodzipereka ofufuza sitima zakale zomwe zinamira

Pa 27 Disembala 1794, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José Paquete de Africa inasweka pamiyala pafupi ndi gombe la Clifton ku Cape Town. Inali itanyamuka pa chilumba cha Mozambique kumayambiriro kwa mwezi womwewo, itanyamula anthu oposa 500 ogwidwa ukapolo, ulendo wa ku Brazil. Anthu 212 anathera m'madzimo, ndipo opulumuka anagulitsidwa ku Cape komweko. Akatswiri ofukula zakale atalengeza mu 2015 kuti aizindikira sitimayi, umboni wina waukulu unali zitsulo zolemera zimene amalinyero ankayala pansi pa sitima kuti isamapendame. Kunalibe golide. Zinali zitsulo zadzimbiri, koma ndi zimene zinathandiza kuti anthu aja akumbukiridwe.

Ntchito yotereyi si ya maprofesa okha. Sitima yankhondo ya Mfumu Henry VIII, Mary Rose, yomwe inamira mu 1545 ndi kuvuulidwa mu 1982 kufupi ndi Portsmouth ku England, inafukulidwa mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka oposa 500 odziwa kusambira pansi pa madzi. Masiku ano anthu otere amayamba aphunzitsidwa kaye pamalo penipeni pomwe pali sitima yomira, kwa sabata imodzi kapena milungu ingapo. Njira yake ndi iyi.

Yambani ndi chiphaso chosambirira pansi pa madzi

Palibe sukulu yomwe ingakutsitsireni pa sitima yakale mulibe chiphaso. Choyambirira chodziwika kwambiri ndi PADI Open Water, chomwe chimakulolani kutsika mpaka mamita 18, ndipo chotsatira chake, Advanced Open Water, chimakufikitsani pa mamita 30. Ngati muli ku Malawi, maphunzirowa amapezeka ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear. Kumbukirani kuti madzi a m'nyanja yathu alibe mchere. Madzi amchere amayandamitsa thupi kwambiri, choncho mukadzapita ku Indian Ocean kapena ku Atlantic mudzafunika kuwonjezera mtovu pa lamba wanu.

Ulendo uliwonse wa pansi pa madzi muziulemba m'kabuku kanu: tsiku, malo, kuya kwake, mphindi zomwe munakhalako. Aphunzitsi amafuna kukaona kabukuka.

Phunzirani kuima chilili m'madzi

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ambiri amapadumpha. Pa sitima yakale simupita kukayendayenda. Mumakhala malo amodzi mphindi makumi awiri kapena kuposerapo, dzanja lina tepi yoyezera, lina pensulo, osagunda pansi komanso osakwera m'mwamba. Mukangopalasa miyendo mosasamala, matope amavunduka, madzi onse n'kuchita mbuu, ndipo mnzanu amene amawerenga manambala pa tepi saonanso kanthu. Bondo limodzi lokha likatsamira pa thabwa lomwe lakhala m'madzi zaka 200, thabwalo likhoza kunyenyeka ngati chigumu.

Ndiye musanalembetse kulikonse, dziyeseni. Tsikani mamita asanu, pezani mwala umodzi, muime pamwamba pake osaukhudza, mukudzikweza ndi kudzitsitsa ndi mpweya wa m'mapapo mwanu basi. Phunzirani kupalasa ngati chule, mawondo opinda, mapazi m'mwamba, kuti madzi azikankhidwira kumbuyo osati pansi. Kenako tengani kathabwa kolembapo, mujambule mwalawo muli chiimire. Mukatha kuujambula popanda kuvundula mchenga, mwakonzeka kuposa munthu amene wasambira maulendo zana akungothamangitsa mbuna.

Sankhani sukulu

Ku Britain kuli Nautical Archaeology Society, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Portsmouth. Maphunziro ake oyamba amachitika pa intaneti, choncho mukhoza kuwayamba muli ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Johannesburg, kenako n'kudzachita gawo la m'madzi mukapeza mpata. Ali ndi maphunzironso a m'mbali mwa gombe, pomwe zotsalira za zombo zimaonekera madzi akaphwa, ndipo amenewa safuna chiphaso chosambirira.

Ku America kuli Diving With a Purpose, gulu lomwe anayambitsa Ken Stewart pamodzi ndi anzake a National Association of Black Scuba Divers. Linayambira ku Biscayne National Park ku Florida, komwe katswiri wa pamalopo, Brenda Lanzendorf, ankafuna anthu omuthandiza kulemba sitima zambiri zomwe zinamira m'derali. Gululi lakhala likufunafuna Guerrero, sitima ya akapolo yomwe inasweka mu 1827, ndipo ndi limodzi mwa mabungwe a Slave Wrecks Project, ntchito yofufuza sitima za akapolo zomwe zinamira, pamodzi ndi Iziko Museums of South Africa, George Washington University ndi nyumba ya Smithsonian yosunga mbiri ya anthu akuda a ku America. Ntchito ya Slave Wrecks Project inafikanso pa chilumba cha Mozambique, komwe akatswiri a Universidade Eduardo Mondlane amaphunzitsa achinyamata a pachilumbapo kuyang'anira sitima zomira m'madzi akwawo.

Musanalipire, funsani mafunso atatu. Katswiri wofukula zakale amene akutsogolera ntchitoyo ndani? Chilolezo cha boma ali nacho? Zinthu zopezeka zimapita kuti? Mukamva zoti zina zimagulitsidwa kapena kugawidwa kwa otenga nawo mbali, thawani, amenewo ndi osaka chuma. Pangano la UNESCO la 2001 limateteza zinthu zomwe zakhala m'madzi zaka 100 kapena kuposerapo, limaletsa kuzichita malonda, ndipo limati njira yoyamba kuiganizira ndi kuzisiya pomwe zili. Ku South Africa lamulo la 1999 limateteza sitima iliyonse yomwe inamira zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo kuchotsapo ngakhale msomali popanda chilolezo cha SAHRA, bungwe la boma loteteza zinthu zakale, ndi mlandu.

Funsaninso ngati ndalamazo zikuphatikiza malo ogona, boti ndi masilinda a mpweya. Kalata ya dokotala komanso inshuwalansi ya osambira pansi pa madzi, monga ya bungwe la DAN (Divers Alert Network), muzikonzeretu.

Zomwe mukachite mukafika

Tsiku loyamba simunyowa. Aphunzitsi amamwaza zinthu pabwalo, mipando, matayala, zidebe, n'kunena kuti sitima yanu ndi imeneyi. Pakati pake amakoka chingwe chokhala ndi manambala, chomwe miyeso yonse imachokerapo. Mumaphunzira njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyeza molunjika kuchoka pachingwe kukafika pa chinthucho. Yachiwiri ndi kuyeza chinthu chimodzi kuchokera pa malo awiri kapena atatu odziwika, kuti pomwe miyesoyo yakumana papepala pakhale pomwe chinthucho chili. Apa m'pomwe mumapanganiranso zizindikiro ndi mnzanu, poti pansi pa madzi palibe kuyankhula: kukoka tepi kawiri kutanthauze chiyani, katatu chiyani.

Mukatsika, mumagwira ntchito awiriawiri. Wina amagwira nsonga ya tepi pa chingwe, wina amakoka, kuwerenga ndi kulemba. Mumalemba ndi pensulo wamba pa pepala la pulasitiki lomatidwa pa kathabwa, ndipo pensuloyo muimangirire ndi kachingwe chifukwa ikapulumuka imayandama n'kupita. Musayembekezere kuona sitima yathunthu itakhala ndi milongoti yake. Nthawi zambiri ndi mulu wa miyala, nangula, mzinga wokutidwa ndi chikhakha cha dzimbiri ndi zigoba, mwina nthiti zochepa za matabwa zitasuzumira mumchenga. Matabwa omwe anali pamwamba pa mchenga anadyedwa kale ndi tizilombo tam'nyanja toboola mitengo. Luso lake ndi kuzolowetsa maso: mzere wowongoka kapena bowo lozungulira bwino pakati pa miyala kawirikawiri ndi ntchito ya manja a munthu.

Mukaona chinthu chokongola, mbale kapena botolo, chiyezeni, chijambuleni, muuze mtsogoleri, n'kuchisiya pomwepo. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake, nkhani yake yatayika, chifukwa chomwe chimauza akatswiri kuti apa panali khitchini kapena mosungira katundu ndi malo omwe chagona ndi zomwe zayandikana nacho. Komanso chikatuluka m'madzi chimayamba kuwonongeka. Thabwa likauma limakwinyika ndi kung'aluka, chitsulo chimasweka ndi mchere womwe unalowa m'kati. Mary Rose anaipopera madzi, kenako mankhwala, kwa zaka pafupifupi 30 asanayambe kuiumitsa mu 2013. Ndipo pa sitima ngati São José muzikumbukira kuti muli pamanda. Mu 2015 dothi lochokera ku Mossuril ku Mozambique linathiridwa m'madzi a ku Clifton pokumbukira omwe anafera pamenepo.

Madzulo, mchere udakali m'tsitsi, mumakhala patebulo ndi rula ndi kampasi yojambulira, n'kusamutsa miyeso ya tsikulo kuika pa mapu aakulu. Apa zolakwa zonse zimaonekera poyera. Miyeso ikakana kukumana, mawa mubwerera kukayezanso, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Choipa ndi kupeka nambala kuti chithunzi chioneke bwino. Masukulu ambiri tsopano amaphunzitsanso kujambula zithunzi mazanamazana zolowerana, zomwe kompyuta imazilumikiza kukhala chifanizo cha malo onse, koma tepi ndi pensulo sizinatayidwe.

Pokonza ulendo wobwerera, siyani tsiku lathunthu lopuma. Mukakhala kuti mwatsika m'madzi kangapo kapena masiku otsatizana, malangizo ndi akuti padutse maola osachepera 18 musanakwere ndege, kuti mpweya wa nayitrojeni womwe unalowa m'thupi uyambe watuluka.