Mwagula rauta koma mawu ake akukuzunguzani mutu? Yambirani kunsi kwake

Makampani opanga marauta, mafoni ndi ma TV sanakhalirane pansi kuti agwirizane mawu oti azigwiritsa ntchito, ndiye ovutika ndife ogula. Foni ikufunsa password, laputopu ya Windows ikufuna network security key, pa rauta palembedwa WiFi Key kapena WPA Key, TV nayo ikuti passphrase. Zonsezi ndi pasiwedi imodzi yomweyo. Kuno ku Area 49 ndine amene aneba amandigogodera akabwera ndi rauta kuchokera mtauni, ndipo nthawi zambiri ndimapeza kuti palibe chawonongeka. Munthu wangoona mayina anayi, n'kuganiza kuti pakufunika zinsinsi zinayi.

Musanadine batani lililonse, tembenuzani rauta muone kunsi kapena kumbuyo kwake. Pali kapepala komatidwa kokhala ndi tizilembo ting'onoting'ono. Ngati ndi ka MiFi, karauta kam'thumba kaja, kapepalako kamakonda kubisala mkati, mukachotsa chivundikiro chakumbuyo, pena mpaka batire. Kajambuleni ndi foni nthawi yomweyo, chifukwa pachithunzi mutha kukulitsa zilembo, komanso kapepalako kamafufutika pakapita nthawi.

Pakapepalapo mufune mizere iwiri yokha. Woyamba ndi SSID. Musaope, limeneli ndi dzina chabe la Wi-Fi yanu, lomwe lidzaonekere pafoni pakati pa mayina a ma Wi-Fi a aneba. Wachiwiri ndi pasiwedi, kaya aitchula ndi dzina liti mwa aja ndatchula pamwambapa. Tsegulani Settings pafoni, pitani pa Wi-Fi, dinani dzina lofanana ndendende ndi SSID ija, lembani pasiwedi. Kwa anthu ambiri ntchito imathera pomwepa.

Ikakana, muyambe mwakayikira zala zanu. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono rauta imaziona ngati zosiyana: palembedwa B, inu mukalemba b, yakana basi. Ziro amafanana ndi O wamkulu, ndipo 1, l wamng'ono ndi I wamkulu amasokoneza ngakhale munthu wamaso akuthwa. Pambali pa malo olembamo pamakhala kachizindikiro ka diso. Kadineni kuti muziona zomwe mukulemba m'malo mwa timadontho. Pa TV ndiye pofunika kufatsa kwambiri, poti kusankha chilembo chimodzichimodzi ndi rimoti kumatopetsa, munthu umadumpha china osazindikira. Dziwaninso kuti pasiwedi ya Wi-Fi yamasiku ano siyichepera zilembo 8. Ngati zomwe mukukopera ndi mawu aafupi monga admin, mwatenga mzere wolakwika.

Mzere wa admin umenewu ndi umene wadwalitsa mitu anthu ambiri. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ya Wi-Fi ili ngati kiyi wa pageti, yemwe aliyense wapakhomo atha kukhala naye. Ya admin ndi kiyi wa kuchipinda kwa eninyumba: ndi yolowera mkati mwa rauta kukasintha zinthu, ndipo polumikiza foni kapena TV siyifunika n'komwe. Pamarauta ena palinso manambala 8 olembedwa kuti WPS PIN. Nawonso si pasiwedi ya Wi-Fi, alekeni.

Tsopano nkhani ya 5G. Mayi ena oyandikana nafe anandiitana tsiku lina ali chimwemwe tsaya: "Aneba, tabwerani mudzaone, rauta yangayi ndi ya 5G!" Pafoni pawo pankaoneka mayina awiri ofanana, lina lothera ndi 5G. Zinandivuta kuwauza kuti 5G imeneyo si ija amatsatsa a makampani a mafoni. Apa akutanthauza 5 GHz, njira imodzi mwa ziwiri zomwe rauta imalankhulira ndi zipangizo za m'nyumba. Inayo ndi 2.4 GHz. Rauta yawo inali ya 4G bwinobwino. Amene anaganiza zofupikitsa 5 GHz kukhala 5G anatilakwira ndithu.

Kusiyana kwake n'kotere. Ya 5 GHz imathamanga, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma. Nyumba zathu za njerwa zootcha zopaka simenti, mukangodutsa makoma awiri yayamba kale kudukaduka. Ya 2.4 GHz ndi yochedwerapo koma imafika patali, mpaka pakhonde kapena kukhitchini yapanja. TV ikakhala pabalaza pomwe pali rauta, ipatseni 5 GHz. Foni yomwe mumayenda nayo pabwalo, 2.4 imachita bwino. Ndipo mapulinta ambiri, makamera achitetezo otchipa ndi mafoni akale amangodziwa 2.4 yokha, dzina la 5G lija saliona n'komwe. Mukaona pulinta ikukanika kupeza Wi-Fi pomwe foni ikuipeza, musathamangire kukaibweza kushopu. Onani kaye ngati 2.4 ndi yoyatsa mu rauta, ndipo polumikiza pulintayo kapena kamera, foni yomwe mukugwiritsa ntchito ikhalenso pa 2.4.

Batani lolembedwa WPS ndi lolumikizira popanda kulemba pasiwedi. Mumasankha WPS pa pulinta kapena TV, n'kudina batani la pa rauta pasanathe mphindi ziwiri, ziwirizo zimapezana zokha. Pa pulinta yopanda polembera limathandiza kwambiri. Pafoni musalifunefune: iPhone ilibe, ndipo Android analichotsa kuyambira pa Android 9.

Foni ikakana kulumikiza imalemba timawu tachingerezi kunsi kwa dzina la Wi-Fi, ndipo timawuto ndi tomwe timakuuzani komwe kuli vuto. Authentication error kapena Incorrect password ndiye kuti pasiwedi yalakwika, kapena wina anaisintha foni yanu ikusungabe yakale. Dinani dzina la Wi-Fi, sankhani Forget, mulembenso mwatsopano. Ikangoima pa Obtaining IP address, pasiwedi yalowa koma rauta ikuchedwa kuipatsa foniyo nambala yake. Zimitsani rautayo, dikirani kamphindi, muyatsenso. Pa MiFi onaninso kuchuluka kwa anthu omwe alumikiza, poti tina timangolola zipangizo khumi, ndipo ana akagawira anzawo pasiwedi malowo sachedwa kudzaza.

Mawu omwe amakwiyitsa kwambiri ndi akuti Connected, no internet. Apa foni ndi rauta zikumvana bwinobwino, koma rautayo ilibe intaneti yoti ikupatseni. Kulembanso pasiwedi sikungathandize. Funso loyamba: bandulo ilipo? Lachiwiri, lomwe ndimafunsa mwaulemu chifukwa anthu amachita nalo manyazi: bandulo munaigulira nambala iti? Simu yomwe ili mu rauta, kaya ya Airtel kaya ya TNM, ili ndi nambala yakeyake, ndipo ambiri amagula bandulo pa nambala ya foni yawo mwachizolowezi, rauta n'kukhala ilibe kanthu. Lembani nambala ya simuyo pa kapepala mumate pa rauta pomwepo. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye patsala APN, kadzina komwe rauta imadziwira khomo la intaneti la kampani ya simuyo. Nthawi zambiri kamadzilemba kokha, koma pa rauta yogula kwa munthu kapena yochokera ku Joni kamatha kukhala ka kampani ina. Funsani a kampani ya simu yanu akuuzeni koyenera.

Zonse zikayamba kuyenda, ndikulangizani musinthe dzina ndi pasiwedi. Muli olumikizidwa ku Wi-Fi yanu, tsegulani Chrome mulembe manambala a adiresi ya rauta, omwe ali pakapepala paja, pamalo olemba adiresi. Marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Tsambali limatseguka ngakhale bandulo itatha, poti lili mkati mwa rauta momwemo. Apa ndiye pogwira ntchito pasiwedi ya admin ija. Pitani polembedwa WLAN kapena Wireless, onsewo ndi mayina ena a Wi-Fi. Ikani dzina loti mulizindikire msanga, koma osati dzina lanu kapena nambala ya nyumba. Pa Security mupeza mndandanda: WPA2, yomwe inabwera mu 2004, imagwira pafupifupi pachipangizo chilichonse, WPA3 ya mu 2018 ndi yolimba kuposa, koma ma TV ndi mapulinta akale amaikana. Ine ndimasiya pa WPA2, kapena posakaniza ziwirizo ngati palipo. WEP ndi yachikale yosavuta kuthyola, ndipo Open ndiye kuti mzere wonse wa nyumba udyerera bandulo yanu. Mukadina Save, zipangizo zonse zichoka pa Wi-Fi nthawi imodzi. Musadabwe, zikungofuna pasiwedi yatsopanoyo.

Alendo akabwera simufunikanso kuwerenga zilembo mokweza. Kuyambira pa Android 10, mukadina dzina la Wi-Fi pamabwera Share kapena QR code, mlendo n'kungojambula ndi foni yake. Kumbukirani kuti nayenso atha kugawira ena chimodzimodzi.

Restart ndi reset musazisokoneze. Restart ndi kuzimitsa n'kuyatsanso, sizifufuta kanthu, ndipo magetsi akabwera atazima ipatseni rauta mphindi ziwiri kapena zitatu idzuke musanayambe kuinena TV. Reset ndi kabowo kakang'ono kaja kumbuyo, komwe mumabayamo kawaya kapena phini kwa masekondi pafupifupi khumi. Imeneyo imafufuta dzina lanu, pasiwedi yanu, pena ndi APN yomwe, rauta n'kubwerera momwe inalili m'katoni. Muichite pokhapokha mwaiwaliratu pasiwedi ya admin, ndipo ngati rautayo anadzakuikirani a kampani ndi chingwe chochokera panja, ayimbireni kaye musanabaye.